Zolunjikira Mfuti Pachisisira ndi M'bandakucha

Cholunjikira ndi kachipangizo ka pamwamba pa mfuti kamene kamathandiza kuti diso la wowombera, mpope wa mfuti ndi nyama imene akufuna kulasa zikhale pamzere umodzi. Masana dzuwa likuswa mtengo, cholunjikira chamtundu uliwonse chimagwira ntchito yake bwinobwino. Mavuto amayamba pachisisira ndi m'bandakucha, ndipo nthawi zimenezi ndi zomwenso zilombo zogwira ziweto zimatuluka kumene zimabisala. Nyama ikakhala pafupi, pamtunda wa mamita 15 kapena 40, vutolo limakula: nyama ikuyenda, kuwala kukutha, ndipo nthawi yoganiza ndi yochepa.

Ku North America nkhani imeneyi amaikamba kwambiri ndi alenje osaka coyote, chilombo cha mtundu wa galu chimene chimagwira nkhosa ndi nkhuku. Alenje a kumeneko amabisala pathengo n'kumaimba kachitoliro kotsanzira kulira kwa kalulu wovulala, ndipo chilombocho chimabwera chothamanga mpaka kufika pafupi ndithu. Ku Malawi coyote kulibe. Mbale wake wa kuno ndi nkhandwe, imene nthawi zambiri siposa makilogalamu 14 ndipo imakonda nkhuku, mbewa ndi zipatso. Chilombo chimene chimasowetsadi anthu tulo ndi fisi, amene akakhwima amaposa makilogalamu 50 ndipo amatha kuthyola khola la mbuzi losalimba. Fisi wolusa si nthano. M'zaka za m'ma 1950 afisi anapha anthu ambiri m'boma la Mulanje, makamaka nyengo yotentha pamene anthu ankagona panja. M'chaka cha 2003 ku Dowa, chilombo chimene akatswiri a zanyama anati chiyenera kuti chinali fisi wachiwewe chinapha anthu atatu ndi kuvulaza ena 16, anthu pafupifupi 4,000 n'kuthawa m'midzi mwawo.

Malo ndi lamulo

Titenge chitsanzo cha dera la Mfumu Mwadzama. Derali lili kummwera kwa boma la Nkhotakota, m'mbali mwa msewu wa M5 wochokera ku Salima, ndipo malo ake odziwika amalonda ndi pa Benga. Kummawa kuli Nyanja ya Malawi, kumadzulo kuli mapiri a ku Ntchisi, ndipo chakumpoto kumadzulo kuli nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira mogwirizana ndi boma kuyambira 2015. Dziko la m'mbali mwa nyanjali ndi lathyathyathya. Muli minda ya chinangwa, madambo a mpunga, bango ndi mitengo ya mango yozungulira midzi. M'munda wa chinangwa chokhwima munthu saona patali, ndipo m'bango ndiye n'zosachita kufunsa. Nyama imaonekera mwadzidzidzi pampata wa mamita ochepa, n'kuzimiriranso. N'chifukwa chake kuno kuwombera patali si nkhani.

Chisisira cha kuno n'chachifupi. Nkhotakota ili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, madigiri pafupifupi 13 kummwera kwa equator, ndipo dzuwa limatsika chowongoka. Kuyambira pamene lalowa kufika pamene munthu sathanso kuwerenga kalata panja pamapita mphindi zongopitirira 20. Mu June limalowa nthawi ili cha m'ma 5:30, mu January itangopitirira 6 koloko. Mlenje wa ku Canada kapena ku Sweden nyengo yotentha amatha kukhala ndi ola lathunthu la chisisira ngakhale kuposerapo, choncho malangizo olembedwa kumeneko ayenera kuwerengedwa mosamala asanagwiritsidwe ntchito pa Benga.

Ntchito yowombera chilombo cholusa si ya aliyense. Lamulo la dziko la Malawi lokhudza nkhalango zotetezedwa ndi nyama zakutchire, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndi kukhwimitsidwa mu 2017, limapereka ntchito imeneyi kwa alonda a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, amene anthu amangowatchula kuti agemu. Kusunga mfuti kumafuna chiphaso cha apolisi, ndipo munthu wamba saloledwa kusaka nyama zotetezedwa usiku. Chimene lamulo limalola n'chakuti munthu adziteteze, ateteze mnzake kapena ziweto zake pamene palibenso njira ina, ndipo akapha nyama yotetezedwa akanene msanga kwa akuluakulu a zanyama. Zimene zikufotokozedwa m'nkhani ino zikukhudza agemu ndi alenje a ziphaso.

Mmene diso limaonera kukamada

Munthu sangamvetse zolunjikira asanamvetse diso, chifukwa cholunjikira chimangotumikira diso. Kuwala kumalowa kudzera pa mwanadiso, kabowo kakuda ka pakati pa diso. Masana kabowoka kamachepa mpaka mamilimita awiri kapena atatu. Mumdima kamatseguka kufika mamilimita pafupifupi 7 mwa mnyamata, koma mwa munthu wa zaka 50 kapena 60 nthawi zambiri kamalekera pa mamilimita asanu. Mlonda wachikulire, ngakhale akhale katswiri chotani, amalandira kuwala kochepa kuposa mnzake wachinyamata amene waima naye pamalo omwewo.

Kumbuyo kwa diso, pa retina, kuli timaselo ta mitundu iwiri. Tina timazindikira mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono, koma timafuna kuwala kokwanira, ndipo tadzadza pakati penipeni, pamene pamagwera chithunzi cha chinthu chimene munthu akuchiyang'anitsitsa. Tina timagwira ntchito ngakhale kuwala kuli kochepa zedi, koma sitizindikira mitundu, ndipo tili m'mbali, pakati palibe. Zotsatira zake n'zodabwitsa: mumdima chinthu chimaoneka bwino munthu akayang'ana pambali pake pang'ono, koma akachiyang'ana mwachindunji chimazimirira. Aliyense akhoza kuyesa zimenezi ndi kanyenyezi kosawala kwambiri. Apa ndi pamene pagona vuto lonse la kuwombera pachisisira, chifukwa kulunjika mfuti kumafuna kuyang'ana mwachindunji, ndiye kuti kumagwiritsa ntchito mbali ya diso imene imayamba kufooka kukamada.

Timaselo ta mumdimati timatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti tizolowere mdima mokwanira, koma kuwala kwamphamvu kumatisokoneza m'kanthawi kochepa. Kungoyang'ana pafoni, kuyatsa machesi kapena kupenya magetsi a galimoto yodutsa pa M5 kumabweza diso m'mbuyo. Kuwala kofiira sikutisokoneza kwambiri, ndipo ndicho chifukwa chake zipangizo zambiri zogwiritsa ntchito usiku zimawala mofiira.

Zolunjikira zachitsulo

Mfuti zinachuluka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800 kudzera m'malonda a minyanga ndi akapolo a Jumbe, amene anakhazikika kumeneko cha m'ma 1840. Mfuti za nthawi imeneyo, zothira wonga kukamwa, zimene anthu amazitchula kuti gogodera, zinali ndi kachitsulo kamodzi kumapeto kwa mpope, zina zinalibiretu. Mlenje ankadalira kunyang'ama mpaka kufika pafupi kwambiri ndi nyama.

Cholunjikira chachitsulo cha masiku ano chili ndi mbali ziwiri: kachitsulo koima kutsogolo, ndi kena kokhala ndi mpata kumbuyo. Wowombera amaika kachitsulo kakutsogolo pakati pa mpatawo, kenako zonse ziwiri pa nyama. Ubwino wake ndi woonekeratu. Sichifuna batire, sichichita nkhungu, sichisweka mfuti ikagunda mtengo, ndipo sichitsekereza maso kuona zimene zili m'mbali. Kuipa kwake n'kwakuti diso limapatsidwa zinthu zitatu zotalikirana, pamene limatha kuona bwino chimodzi chokha panthawi imodzi. Masana mwanadiso akachepa, zitatu zonsezo zimaoneka ndithu. Pachisisira akatseguka, mpata wakumbuyo umachita mbuu, kachitsulo kakuda kakutsogolo n'kusowa pa ubweya wakuda wa nyama. Wowombera amene sakukaona amayamba kukakweza mosadziwa kuti akapeze, ndipo chipolopolo chimadutsa pamwamba pa msana.

Alenje akale anapeza njira zochepetsera vutoli. Ena ankapaka choko kapena laimu pa kachitsulo kakutsogolo kuti kayere. Opanga mfuti a ku Britain, popangira mfuti alenje a mu Africa ndi India, ankaika kumbuyo mpata wotambalala wosazama, kutsogolo n'kuikako kamkanda koyera kakakulu kopinda, kopangidwa ndi mnyanga wa njovu kapena dzino la njiri, kamene mlenje ankakadzutsa kukayamba kuda. Nzeru yake idakalipobe mpaka lero: mpata wotakasuka kumbuyo, kadontho kakakulu koyera kutsogolo. Masiku ano m'malo mwa mnyanga amaika kachingwe kapulasitiki kosonkhanitsa kuwala, kamene kamawala bwino dzuwa likangolowa koma kamazima mdima ukagwira, kapena kabotolo kakang'ono ka mpweya wa tritium kamene kamawala pakokha usiku wonse. Kuwala kwa tritium kumatsika ndi theka pakatha zaka pafupifupi 12, choncho cholunjikira chakale chotere chimayenera kusinthidwa.

Mtundu wina uli ndi kabowo kumbuyo m'malo mwa mpata. Mfuti ya .303 ya Lee-Enfield, imene asilikali a King's African Rifles ankanyamula, mtundu wake wa No. 4 unali ndi kabowo kotere pafupi ndi diso. Wowombera sayang'ana kabowoko, amangopenyera mkati mwake, ndipo diso palokha limaika kachitsulo kakutsogolo pakati. Kabowo kakang'ono kamathandiza kulasa molondola masana koma kamatsekereza kuwala madzulo. Kakakulu, kamphepete mopyapyala, kamagwira ntchito mpaka chisisira chitapita ndithu, ndipo pa zolunjikira zonse zachitsulo ndi kamene kamayenera nyama yoyenda pafupi.

Cholunjikira chamagalasi okuza

Cholunjikira chamagalasi ndi kampope kokhala ndi magalasi angapo, mkati muli mizere yopingasana yosonyeza pamene chipolopolo chikagwere. Anthu ambiri amachikonda chifukwa chimakuza nyama, koma phindu lake lenileni pachisisira ndi lina: mizere ndi nyama zimaoneka ngati zili pamtunda umodzi, ndiye diso limakhala ndi ntchito imodzi m'malo mwa zitatu. Kwa munthu amene maso ake ayamba kukalamba, thandizo limeneli ndi lalikulu.

Pa cholunjikira chilichonse pamalembedwa manambala, monga 4x32 kapena 3-9x40. Nambala yoyamba ikunena kuti chimakuza kangati, yomaliza ikunena kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Munthu akagwira cholunjikira patali pang'ono ndi nkhope n'kuchiloza kumwamba, amaona kadontho kowala pagalasi lakumbuyo. Kuwala konse kopita m'diso kumadutsa pa kadontho kameneko, ndipo kukula kwake kumapezeka pogawa nambala yomaliza ndi yoyamba. Cha 4x32 chimapereka mamilimita 8. Cha 3-9x40 chikaikidwa pa 9 chimapereka mamilimita osafika 4.5, ochepa kuposa mwanadiso wotseguka, ndipo chithunzi chimada. Chomwecho chikabwezedwa pa 3 chimapereka mamilimita 13, oposa amene diso lingalandire. Alenje a ku Germany osaka nguluwe mwezi ukuwala anazolowera cha 8x56 chifukwa chimapereka mamilimita 7 ndendende. Koma iwo amakhala phee pansanja kudikira nyama yoima patali, zomwe n'zosiyana ndi kukumana ndi fisi m'mbali mwa khola.

Kukuza kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi malo amene maso akuona. Cholunjikira chokuza kanayi chimaonetsa malo otambalala mamita pafupifupi 10 pamtunda wa mamita 100, ndiye kuti mamita awiri okha pamtunda wa mamita 20. Chokuza maulendo 9 sichifika n'komwe mita imodzi pamtunda womwewo. Fisi wamkulu amaposa mita m'litali. Wowombera amangoona ubweya wodzadza galasi lonse, osadziwa kumene kuli mutu, nyama ikasuntha pang'ono n'kusowa. Choopsa kwambiri n'chakuti saona mbuzi, galu kapena munthu amene ali pambali pa nyamayo. Zili ngati kufunafuna nkhuku pabwalo uku ukusuzumira m'bango. Ndiye pantchito ya pafupi chofunika ndi cholunjikira chokuza pang'ono, monga cha 1-4x24 kapena 1.5-6x42, ndipo chiziyenda chili pa nambala yotsikitsitsa. Nyama ikaima patali pamakhala nthawi yokweza nambala, koma ikatulukira pafupi nthawi yotsitsa sipapezeka.

Mizere ya mkati nayo ndi yofunika kuiganizira. Yopyapyala ngati tsitsi imasowa pa nyama yakuda kukangoyamba kuda. Yokhuthala m'mbali ndi pansi, yosiya mpata pakati, imaonekabe nthawi yaitali ndipo imakokera diso pakatipo. Zolunjikira zina zili ndi kadontho kowala pakati pa mizere, kamene kayenera kuyatsidwa motsika kwambiri. Galasi lililonse limabweza kuwala pang'ono, ndipo opanga amalikuta ndi mankhwala ochepetsa kutayikaku. Apa ndi pamene chotchipa chimasiyanirana ndi chabwino. M'sitolo masana zimaoneka zofanana, koma m'mphindi khumi zomaliza za chisisira chotchipa chimachita mbuu chinzake chikuonetsabe nyama. Ngakhale zili choncho, palibe galasi limene limapanga kuwala. Limangosonkhanitsa kumene kulipo.

Cholunjikira cha kadontho kofiira

Kampani ya Aimpoint ya ku Sweden inayamba kugulitsa cholunjikira cha kadontho kofiira mu 1975, ndipo lero opanga ndi ambiri. Mkati muli kababu kakang'ono kamene kuwala kwake kamagunda galasi lopindika n'kubwerera m'diso, kadontho n'kumaoneka ngati kali pa nyama. Kuwalako sikutuluka kupita kwa nyama, wowombera yekha ndiye amakaona. Cholunjikirachi sichikuza chilichonse. Munthu amawombera maso onse ali otsegula, ndipo ngakhale tsaya lisakhale pamalo ake enieni, chipolopolo chimagwera pafupi ndi pamene pali kadontho. Pamtunda wosaposa mamita 50 palibe cholunjikira china chofulumira kuposa chimenechi.

Madontho amasiyana kukula. Kakang'ono kamaphimba masentimita pafupifupi 6 pamtunda wa mamita 100. Kokula kawiri kamaphimba masentimita atatu okha pamtunda wa mamita 25, ndipo diso limakapeza msanga. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kukweza kuwala kwake. Kadontho koyenera masana kamathobwa m'maso madzulo, nyama yonse n'kubisika kumbuyo kwake. Kuwala kuyenera kutsitsidwa pang'onopang'ono pamene kukuda, mpaka kadontho kazingooneka pang'ono. Anthu ena amene maso awo ali ndi vuto lopotoza kuwala amakaona ngati kanyenyezi kapena kamchira, ndipo oterewa amathandizidwa bwino ndi cholunjikira chamagalasi chokuza pang'ono.

Malire ake ndi awiri. Choyamba, chimaonetsa polasa koma sichithandiza kuona nyama, ndipo galasi lake limadyako kuwala pang'ono. Chachiwiri, chimadalira batire laling'ono lathyathyathya longa la wotchi, limene silipezeka m'magolosale ambiri a kumudzi. Mlonda wanzeru amasunga lina m'thumba, ndipo salola kuti zolunjikira zachitsulo zichotsedwe pamfuti.

Tochi, maso owala ndi zipangizo zoona kutentha

Mdima ukagwira, zonse zimene zatchulidwazi zimalephera pokhapokha pakhale mwezi kapena tochi. Nyama zambiri zoyenda usiku zili ndi kachikopa konyezimira kumbuyo kwa diso kamene kamabweza kuwala, n'chifukwa chake maso a fisi ndi nkhandwe amawala akaunikidwa, a ng'ona n'kufiira ngati makala pamwamba pa madzi. Maso owala anyenga alenje ambiri. Galu ali nawo, mphaka ali nawo, mbuzi ndi ng'ombe zili nawo. Munthu alibe kachikopa kameneka. Mwana amene wagwira mbuzi pachingwe mumdima saoneka, koma maso a mbuziyo amaoneka bwino lomwe. Mfundo imeneyi payokha ndi yokwanira kuletsa kuwombera pakati pa maso awiri owala thupi la nyama lisanaoneke lonse. Tochi yofiira siopseza kwambiri nyama za mtundu wa galu, chifukwa sizizindikira bwino mtundu wofiira, komanso siwononga kuzolowera mdima kwa diso la munthu, koma imaonetsa zochepa kuposa yoyera.

Pali zipangizo za makono zimene zimakuza kuwala kwa mwezi ndi nyenyezi, ndi zina zimene zimaona kutentha kwa thupi. Zoona kutentha zimapeza nyama ngakhale mumdima wa ndiweyani, ndipo alenje a coyote m'madera ena a ku America kumene lamulo limalola amazigwiritsa ntchito kwambiri. Mtengo wake ndi wa mamiliyoni a kwacha. Chithunzi chake chilibe mtundu kapena mawanga, chimangokhala chinthu choyera pamalo akuda, moti galu wa pamudzi ndi nkhandwe zimafanana, ndipo munthu wowerama m'munda akhoza kuoneka ngati nyama ya miyendo inayi. M'mwezi wa October mchenga ndi miyala ya kunyanja zimasunga kutentha mpaka usiku, chithunzi n'kusokonekera. Zipangizozi n'zabwino pofufuza kumene kuli nyama, koma sizichotsa udindo wozindikira kuti ndi nyama yanji.

Kukonza ndi kusamala

Cholunjikira chatsopano chimayenera kugwirizanitsidwa ndi mfuti powombera papepala pamalo ovomerezeka, pamtunda umene chidzagwire ntchito, monga mamita 50. Pali kanthu kena kamene kamaiwalika. Cholunjikira chamagalasi chimakhala masentimita anayi kapena asanu pamwamba pa mpope, ndiye pamtunda wa mamita asanu kapena khumi chipolopolo chimagwera m'munsi mwa pamene palozedwa. Pa fisi kusiyanaku n'kochepa, koma pa nkhandwe kukhoza kuchititsa kuti nyama ingovulala. Cholunjikira chokwera kwambiri chimanyamutsanso tsaya pamfuti, diso n'kumachedwa kupeza chithunzi. Chikhale chotsika mmene chingathere, ndipo pakati pa galasi ndi diso pakhale masentimita 8 mpaka 10 kuti mfuti ikabwerera m'mbuyo chisateme chikope. Kuyeserera kuchitikenso madzulo enieni, chifukwa ndi pamene wowombera amadziwa nthawi imene maso ake ndi cholunjikira chake zimalekera.

Nyengo ya kunyanja siyanjana ndi magalasi. Nthawi ya dzinja chinyezi chimalowa m'cholunjikira chosatsekedwa bwino n'kuchita nthunzi mkati, mosatheka kupukuta. Zabwino zimadzazidwa mpweya wouma wa nitrogen n'kumatidwa. Mphepo ya mwera imauluza mchenga, nyengo ya lupsa imabweretsa phulusa ndi utsi, ndipo tizilombo ta nkhungu tikatuluka m'nyanja timamatirira pagalasi lililonse. Mchenga uyambe wauzidwa kapena kuchotsedwa ndi kaburashi kofewa, kenako galasi lipukutidwe ndi kansalu kake. Kulipukuta ndi malaya kumalikanda, ndipo galasi lokandika limamwaza kuwala. M'bandakucha munthu woyang'ana kummawa amakumana ndi kuwala kochokera pamwamba pa nyanja, kumene kumayeretsa galasi n'kusandutsa nyama chithunzithunzi chakuda. Pobisala ndi bwino kufulatira nyanja mmawa, n'kufulatira mapiri madzulo.

Kulondola n'kofunikanso pa chifukwa china. Nkhandwe kapena fisi woyenda m'mudzi mopanda mantha amaganiziridwa chiwewe, ndipo a zaziweto amapima matendawa mu ubongo wa nyama. Nyama yotere ilasidwe pachifuwa, kumbuyo kwa mwendo wakutsogolo, mutu usaphwanyike, ndipo isagwiridwe ndi manja opanda magolovesi. Amene walumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Zimene zili kuseri kwa nyama

Chipolopolo cha .303 chikaphonya chikhoza kuuluka makilomita oposa atatu, ndipo ngakhale cha .22 chimapitirira kilomita imodzi. Chikagunda madzi kapena nthaka youma mopendekeka chimanjanja n'kulowera kwina. Ku Mwadzama nthawi imene zilombo zimayenda ndi yomweyo imene anthu amayenda. Madzulo asodzi a usipa amakankha mabwato kulowa m'nyanja ndi nyali zawo, anyamata akutsekera mbuzi. M'bandakucha amayi amapita kokatunga madzi, alimi akulowera kumadambo a mpunga, ogula nsomba akutsikira kudoko panjinga. Dziko lathyathyathya lilibe choimitsa chipolopolo. Wowombera ayenera kukhala pokwera, monga pansanja, kuti chipolopolo chilowe pansi, kapena adikire mpaka kuseri kwa nyama kukhale chulu kapena gombe la mtsinje. Pafupi ndi nyumba, mfuti yomwaza tizipolopolo tambiri, yokhala ndi kamkanda kamodzi koyera kumapeto, ndi yoyenera nkhandwe kuposa ya chipolopolo chimodzi, chifukwa tizipolopolo take timatha mphamvu pamtunda wa mamita mazana ochepa.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, mlonda wogwira ntchito m'minda ya chinangwa ndi m'bango la m'mbali mwa nyanja amathandizidwa kwambiri ndi cholunjikira chamagalasi abwino chokuza kamodzi mpaka kanayi, cha mizere yokhuthala, kapena cha kadontho kofiira ngati maso ake akadali akuthwa ndipo mabatire akupezeka. Chokuza maulendo 9 kapena 12 ndi cha kudambo lotseguka masana, ndipo pachisisira pafupi ndi midzi n'choopsa. Mabanja ambiri ovutika ndi afisi sasowa mfuti konse: khola la mitengo yolimba yozikidwa mozama, lokwera kapena lotchingidwa ndi waya, limateteza mbuzi usiku uliwonse, ndipo chilombo chikayamba kulusa nkhani ipite kwa amfumu, kupolisi ndi kwa agemu. Kwa agemuwo malire ndi omveka. Ikafika nthawi yoti mutu, msana ndi miyendo ya nyama sizikuonekanso bwino m'cholunjikira pamtunda wa mamita 30, zipolopolo zichotsedwe m'mfuti, ntchito idikire m'bandakucha.